Kusankhira Agogo Kachiweto Kocheza Nako

Amayi anzanga, ambiri a inu mukusunga okalamba pakhomo: amayi okuberekani, apongozi, kapena azakhali amene miyendo inayamba kuwakana chifukwa cha nyamakazi kapena matenda ofa ziwalo. Mumawaphikira, kuwachapira ndi kuwaperekeza kuchipatala, ndipo pa zimenezi palibe angakudzudzuleni. Koma kodi munayamba mwawerengapo maola amene iwo amakhala okhaokha pa tsiku?

Taonani mmene moyo ulili ku Area 12 ndi m'madera ena otere, amene anamangidwa pamene Lilongwe ankasanduka likulu la dziko mu 1975. Nyumba n'zotalikirana, mipanda njaitali, ndipo pageti pali mlonda. M'mamawa bambo ndi mayi anyamuka ulendo wa ku Capital Hill kapena ku City Centre, ana nawo apita kusukulu. Agogo, amene kumudzi ankamva "odi" kakhumi dzuwa lisanafike pamutu, atsala pakhonde kuyang'ana khoma. Ngakhale kumudzi zimenezi zimachitika m'nyengo ya dzinja, anthu onse akakhamukira kumunda.

Munthu amene wadyetsa banja moyo wake wonse zimamuwawa kukhala wongolandira. Ichi ndicho chifukwa chake m'magulu athu a amayi timalimbikitsa kuti agogo akhale ndi kachiweto kawokawo. Kachiweto kamawadzutsa m'mawa kufuna chakudya, kamawapatsa wolankhula naye, ndipo iwo amadzimvanso kuti alipo amene akuwadalira. Komatu musanathamangire kukatenga, yambani mwawafunsa eni akewo. Ena sanakondepo nyama m'nyumba chibadwire, ndipo simungawasinthe atafika zaka 80. Kenaka dzifunseni nokha amene adzagwire ntchito zolemetsa, monga kusesa khola ndi kupita kwa dokotala wa ziweto, ndiponso amene adzasunge kanyamako agogo akadzagonekedwa m'chipatala. Mphaka wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 15, tsono si nkhani ya mwezi umodzi.

Za galu ndinene mwachidule. Agalu olondera amene adzaza m'mipanda ya ku Area 12 si anzawo a munthu woyendera ndodo. Galu wamkulu akangowalumphira mosangalala, agogo ali pansi, ndipo fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka, ambiri sayendanso ngati kale. Kagalu kakang'ono nako kali ndi vuto lake: kamazungulira m'miyendo, kamafuna kuyendetsedwa tsiku lililonse, ndipo kakakhala kamwana kamatafuna chilichonse, ngakhale silipasi za agogo. Ngati mtima wawo uli pa galu, apezereni wamng'ono msinkhu koma wachikulire, amene anasiya kale masewera.

Kwa ine, mnzawo woyenera wa munthu wokhala pampando ndi mphaka. Safuna womuyendetsa, amadzisambitsa yekha, amakwirira chimbudzi chake, ndipo amadza yekha kudzagona pamiyendo pamene pali pofunda. Pamwamba pa izo, makoswe amachepa m'khitchini ndi m'nkhokwe. Sankhani mphaka amene wapitirira chaka, wofatsa, wosathawa akagwidwa. Kamwana ka mphaka kamakwera miyendo ndi zikhadabo, pamene khungu la okalamba silichedwa kung'ambika, ndipo kwa amene ali ndi matenda a shuga kabala kakang'ono kamatenga nthawi kuti kapole. Mphaka wachilendo mutsekereni m'nyumba masabata awiri kapena atatu kuti azolowere, apo ayi adzabwerera kumene anachokera.

Pa kadyedwe ambiri timalakwitsa. Mphaka ndi nyama yodya nyama inzake, kotero nsima yokhayokha simukwanira. Muzimuikira usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, tizidutswa ta nyama, ndi madzi oyera nthawi zonse. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu, ndipo anyezi amawaonongera magazi. Chonde, muwauze agogo kuti asayerekeze kumugawira mankhwala awo akamuona wafooka: m'bulu umodzi wa Panado ungathe kupha mphaka. Mankhwala a makoswe nawonso achoke pakhomo, pakuti mphaka akadya khoswe wodya poizoni, nayenso ali pangozi. Ngati mwamuikira bokosi la mchenga m'nyumba, litayidwe tsiku ndi tsiku, koma mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, chifukwa m'ndowe za mphaka mumatha kukhala tizilombo toononga mwana wosabadwa.

Tsono pali nkhani imene sitingaizembe. Tonse tikudziwa zimene anthu ena amanong'ona akaona nkhalamba ikulankhula ndi mphaka, makamaka wakuda. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chonamiziridwa ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunenera munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, limene bungwe la MANEPO linalimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Koma lamulo lili papepala, pamene agogo amagona okha m'kanyumba kawo. M'kati mwa mpanda wa ku Area 12 nkhawa imeneyi njochepa, ngakhale kuti wantchito kapena mlendo angathe kutulutsa mawu. Ngati agogo ali kumudzi kumene kunamvekapo kale manong'onong'o, ine sindingakulangizeni kuwapatsa mphaka. Mukawapatsa, mupite naye nokha masana, anthu akuona, ndipo munene poyera kuti mwabweretsa wogwira makoswe.

Kumene mphaka sangayenere, ganizirani za nkhunda. Makolo athu ankati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, motero palibe amene amaziyang'ana ndi diso loipa. Agogo angathe kuziwazira mphale, mapira kapena mawere ali chikhalire pamkeka, ndipo posapita nthawi zimazolowera mawu awo n'kumatera pafupi. Nkhunda imaikira mazira awiri n'kuwafungatira masiku ngati 18, tsono nthawi zonse pamakhala choyembekezera ndi chokamba ndi zidzukulu. Khola lake limakhala pamwamba, kotero kusesa ndi ntchito ya ana. Liikeni patali pang'ono ndi zenera la kuchipinda, ndipo ngati agogo ali ndi mphumu kapena chifuwa chokhalitsa, nkhunda zisiyeni, chifukwa fumbi la nthenga ndi zitosi limavutitsa mapapo.

Mbira nazo n'zabwino kwa amene manja awo akadali ndi mphamvu. Siziluma wamba, sizilumpha, ndipo zimalira mokondwa zikamva mapazi a wozidyetsa. Zimadya udzu, kholowa, chisoso ndi madeya, ndipo zimafuna masamba aawisi tsiku lililonse. Tengani ziwiri zazikazi, pakuti imodzi imasungulumwa, pamene yaimuna ndi yaikazi zidzadzaza khola chaka chisanathe. Bokosi lake likhale pathebulo lofika m'chiuno kuti agogo asamawerame, ndiponso kumene galu sangafike. Kalulu, ngakhale amaoneka wofatsa, amakankha ndi miyendo yakumbuyo akanyamulidwa. Anyani, apusi ndi tinyama tina tam'tchire timene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu musagule. Kusunga nyama zotere popanda chilolezo n'kuswa lamulo.

Mukasankha galu kapena mphaka, asalowe m'nyumba ya agogo asanabayidwe katemera wa chiwewe. Matendawa alibe mankhwala zizindikiro zikangoyamba kuoneka. Katemera amayamba nyama ikakwana miyezi itatu, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Kuno ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, lomwe linayamba mu 2008. Lili ndi chipatala cha ziweto, limatseka ndi kufula agalu ndi amphaka kuti asaswane, ndipo limapezera mabanja nyama zosowa mwini. Kutenga nyama kumeneko kuli ndi ubwino wakuti osamalawo amaidziwa khalidwe lake, ndipo mungawauze kuti mukufuna yofatsa, ya munthu wokalamba. Inu akumudzi, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za tsiku la katemera, ndiponso za mankhwala a utitiri ndi njoka za m'mimba. Agogo akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yosadziwika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kanyamako kakafika, dzina apereke ndi agogo, ndipo chakudya chizichokera m'manja mwawo, osati mwa zidzukulu, kuti kadziwe mwini wake. Mbale ya madzi ndi ya chakudya zikhale pakona, kutali ndi njira imene iwo amadzera usiku popita kuchimbudzi, ndipo m'njiramo muziyaka nyale.