PAMPU YOBISIKA M'TANKI YA PETULO

Tsiku liri lonse m'mamawa mabasi ang'ono ndi mataksi a ku Kanyama ali kale pa mseu wa Los Angeles ndi wa Mumbwa, kunyamula anthu opita ku nchito ndi amai okaoda ndiwo ku msika wa Soweto. Pakati pao sipalephera kupezeka taksi imodzi imene yaima pambali, mpando wa kumbuyo atauzula, makanika atawerama m'kati, fungo la petulo liri ponse-ponse. Wodutsa adabwa: injini iri kutsogolo, nanga makanika afuna ciani pansi pa mpando? Pansi pa mpandopo pali cibvundikiro ca tanki, ndipo m'tankimo muli zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi: pampu yotumiza petulo ku injini, ndi copimira cimene ciuza woyendetsa kucuruka kwa petulo wotsala. Zinthu ziwirizi zikamangidwa mosasamala, mwini galimoto ataya ndalama, ndipo nthawi zina munthu ataya moyo.

KALE NDI LERO

Galimoto yakale ya Ford Model T, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1908, inalibe pampu konse. Tanki yace inali pamwamba kuposa kabuleta, ndipo petulo anali kutsika yekha monga madzi a m'ngalande. Pa citunda cacikuru, petulo akacepa, woyendetsa anali kukwera cafutambuyo kuti petulo afike ku injini. Pofuna kudziwa wotsala, anali kubviika kamtengo m'tanki.

Pambuyo pace kunadza pampu yomangidwa pa injini, imene injini yomweyo inali kuigwedeza kuti ikoke petulo. Magalimoto ena, monga Morris Minor, anali ndi pampu ya magetsi kutsogolo, yolira kuti tiki-tiki, ndipo ikaima woyendetsa anali kuigogoda ndi sipanala kuti idzuke. Zonsezi zinali kunja kwa tanki, pamene dzanja lifika msanga.

Magalimoto a petulo amene adzaza miseu ya Lusaka lero, ambiri a iwo ogwirapo kale nchito ku Japan, alibe kabuleta. Ali ndi mainjekita, timabowo ting'ono-ting'ono topopera petulo monga nkhungu. Kuti petulo apopereke cotero afunika kukankhidwa ndi mphamvu ya pafupi-fupi mabar 3, ndiko kuti mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, umene uli ngati mabar 2. Pampu yakale ya pa injini sinali kufika ngakhale theka la bar imodzi. Cotero kuyambira zaka za m'ma 1980 ndi 1990 opanga magalimoto ambiri anasamutsira pampu m'kati mwa tanki.

CIFUKWA CA KUMIZA PAMPU

Anthu a ku migodi adziwa kale nzeru imeneyi. Pampu iposa pa kukankha, koma pa kukoka iri yofooka. Ngakhale yabwino cotani singakoke madzi kuwakweza kuposa mamita 10. Ncifukwa cace ku mgodi wa Konkola ku Chililabombwe, kumene aturutsa madzi oposa malita 300 miliyoni tsiku liri lonse, mapampu aikidwa pansi pomwe, kumene madzi asonkhana, kuti awakankhe kupita kumwamba.

Petulo abvuta koposa madzi, pakuti asanduka nthunzi msanga. Pa kutentha kwa mwezi wa October, pampu yokoka kucokera kutali ingathe kumakoka nthunzi yokha-yokha, injini ndi kuzima. Pampu yomizidwa iribe bvuto limeneli. Ndiponso petulo apyola m'kati mweni-mweni mwa kamota kace, ndi kukaziziritsa ndi kukafewetsa monga mafuta. Tsono petulo ndiye katundu wa pampu, ndiyenso moyo wace.

Magalimoto ambiri akale a dizilo, monga mabasi ena, alibe pampu m'tanki. Ali ndi copimira cokha, ndipo dizilo akokedwa ndi pampu ya pa injini.

NANGA MOTO?

Ambiri afunsa kuti, kodi magetsi ndi petulo zikhala bwanji m'cotengera cimodzi popanda kuphulika? Cimene ciyaka si madzi a petulo ai, koma nthunzi yace itasanganizika ndi mpweya pa muyeso woyenera. Pa magawo 100 a mpweya, nthunzi iyenera kukhala pakati pa 1.4 ndi 7.6. Ikacepa siyaka, ikacurukitsa siyakanso. M'tanki yotsekeka bwino nthunzi icuruka kopitirira muyeso umenewu, ndipo moto usowa mpweya, monga mbaula yodzaza makala imene mabowo ace atsekeka.

Tsono citetezo conse ciri pa kutsekeka kwa tanki. Cibvundikiro cikatsegulidwa, nthunzi ituruka ndi kukomana ndi mpweya, ndipo pamenepo mbaliwali imodzi ikwanira. Nthunzi ya petulo ilemera kuposa mpweya. Sikwera kumwamba koma ikwawa pansi, nilowa m'maenje ndi m'ngalande. M'komboni, m'mene garaji iri pafupi ndi mbaula ya mai wokazinga zitumbuwa ndiponso ndi mnyamata woocerera mageti, nthunzi ingathe kukapeza moto patali ndi kubwera nao kufikira ku galimoto. Cifukwa ca comweco tanki imene akhuthula petulo iri yoopsya koposa yodzaza, pakuti mpweya walowamo. Munthu wooca tanki yotere ndi moto wa gasi aika moyo wace pa ngozi yaikuru.

COPIMIRA PETULO

Copimira ciri ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kanthu kopepuka koyandama pamwamba pa petulo, kamene amakanika akacha floti. Yaciwiri ndi kamkono ka waya kogwira flotiyo. Yacitatu ndi kabale kakang'ono kokhala ndi timizere, pamene nsonga ya kamkono ikhuza poyenda. Petulo akakwera floti ikwera, nsonga nisunthira ku mzere wina, ndipo magetsi opyola pamenepo acuruka kapena acepa. Singano ya geji, imene iri pamaso pa woyendetsa, itsata magetsi amenewo.

Geji inama pa zifukwa zodziwika. Kamkono kangapindike poikamo, kapena kukodwa pa cipupa ca m'tanki. Floti ingabooke ndi kumira, geji nionetsa kuti petulo watha pamene alimo. Timizere tingafufutike pamalo pamene nsonga ikhuza masiku onse, ndipo singano ilumpha-lumpha. Cinanso nci: opanga magalimoto sapima mofanana. Kwa ena magetsi apyola ambiri tanki ikadzaza, kwa ena ikatha. Copimira cozulidwa m'galimoto ya mtundu wina cingalowe bwino pabowo, koma geji idzanena zabodza, mwina kuwerenga cadodolido.

KAMANGIDWE KOYENERA

Makanika wanzeru sathamangira kutsegula tanki. Ayamba waona fyuzi, relay ndi mawaya, pakuti kawiri-kawiri pampu isiya nchito cifukwa magetsi safika, pamene iyo iri yamoyo. M'magalimoto ambiri, munthu akapotoza kiyi ndi kuchera khutu, amva pampu iri kung'ung'uza kanthawi kocepa. Koma m'magalimoto ena, pamodzi ndi ma Toyota ena, iyamba pokha-pokha injini ikuzunguzidwa. Wosadziwa cimeneci agula pampu yatsopano pacabe. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kukatsimikizika kuti bvuto liri m'tanki, nchito icitike pabwalo, kutali ndi moto, fodya, macisa ndi kandulo, ndipo cozimira moto kapena ndowa ya mcenga ikhale pafupi, pakuti madzi sazima petulo koma amwaza. Makanika acotse fyuzi ya pampu ndi kuliza injini kufikira izima yokha, kuti mphamvu yotsala m'mapaipi ithe. Akapanda kutero petulo adzamthovukira m'maso. Pamenepo amasule waya wa batire wa ku mbali ya minus, napukute fumbi lonse pa cibvundikiro asanacitsegule.

Cibvundikiro cimangidwa ndi timabauti kapena ndi mkombero wopotoza. Mkomberowo augogode ndi mtengo kapena ndi mkuwa, osati ndi cizulo ca citsulo colimba, cimene citurutsa mbaliwali. Poturutsa pampu apendeketse pang'ono-pang'ono kuti kamkono ka floti kasapindike. Ayang'ane pansi pa tanki. Ngati pali matope, dzimbiri kapena madzi, tanki itsitsidwe ndi kutsukidwa, pakuti pampu yatsopano m'tanki yakuda sikhalitsa.

Pobweza, zinthu zinai ziyenera kusamalidwa. Coyamba, sefa ya ku tsinde kwa pampu ikhale yatsopano, ndipo igone pansi peni-peni pa tanki. Caciwiri, kapaipi ka m'kati kakhale kopangidwira kumizidwa m'petulo. Paipi wamba afewa ndi kung'ambika, ndipo pampu ingozunguza petulo m'tanki momwemo. Cacitatu, mawaya alumikizidwe ndi zolumikizira zace. Waya wopota ndi manja ndi kukulunga tepu atentha, ndipo tepuyo asungunuka. Cacinai, cimene ciposa zonse, ndi mphira yotseka pakamwa pa tanki. Ikhale yatsopano ndi ya muyeso wace. Mphira yodula ku cubu ca tayala itupa m'petulo, ndipo silikoni wopaka afewa, nagwera m'kati ndi kutseka sefa. Pa cibvundikiro pakhala kacizindikiro kosonyeza kumene ciyenera kuloza, kuti floti iyende momasuka.

Asanabweze mpando, makanika alize injini ndi kuona ngati pali ponyowa. Fungo la petulo m'galimoto itatha nchito ndi mboni yakuti pakamwa sipanatsekeke, ndipo galimoto yotere siyenera kunyamula anthu.

MADZI A KU KANYAMA

Kanyama anamangidwa pa malo a cidikha, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikalimba madzi asowa kopita. M'caka ca 1978 anagwetsa nyumba zambiri ndi kusiya anthu ambiri opanda pogona, ndipo kufikira lero miseu ya m'kati isanduka madambo m'miyezi ya dzinja. Galimoto ikalowa m'madzi otere, matope akwera pamwamba pa tanki ndi kukhala pa cibvundikiro. Ngati mphira iri yotha, madzi alowa. Ngakhale asalowe, adyetsa dzimbiri polumikizira mawaya, ndipo geji iyamba kunama.

Madzi alemera kuposa petulo, cotero atsikira pansi, pomwepo pamene pali sefa. Pampu iyamba kumwa madziwo, injini nitsokomola ndi kuzima, ndipo m'kati mwa pampu mucita dzimbiri. Galimoto imene yamira kufikira pa tanki iyenera kuonedwa isanalizidwenso.

Njira yina ya madzi ndi zinyalala ndi petulo wa m'zigubu. Akulu akumbuka zaka zotsata November 1965, pamene njira ya kumwera inatsekeka ndipo petulo anali kudza m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam, kufikira paipi ya Tazama, ya makilomita 1,710, inatsegulidwa m'caka ca 1968. Magalimoto a masiku amenewo anali opirira. Kabuleta ikatsekeka, munthu anali kuimasula ndi kuipemerera pambali pa mseu. Pampu ya lero ndi mainjekita ace sizipirira mcenga. Petulo wogula m'cigubu angaoneke wocepa mtengo, koma mtengo wace weni-weni udziwika ku garaji. Ndipo kuyamwa petulo ndi pakamwa pa paipi nkoopsya, pakuti akalowa m'mapapo abvulaza koposa.

TANKI YA NJALA

Woyendetsa taksi ali ndi ndalama za tsiku zimene mwini galimoto ayembekeza madzulo, cotero athira petulo pang'ono-pang'ono, malita 2 pano, malita 3 apo, nyali ya geji iri ciyakire. Palibe angamdzudzule pofuna kusunga ndalama. Koma petulo akacepa cotero, galimoto ikagwa m'dzenje kapena ikakhota, petulo athawira ku mbali imodzi ndipo pampu imeza mpweya. Ikatero izungulira youma, nitentha ndi kudyeka. Floti nayo ikhuza malo amodzi-modzi a pansi kufikira timizere tafufutika.

Pali masamu amene ayenera kuganiziridwa. Galimoto imene singano yace ikhala pa kota ndi imene ikhala pansi peni-peni zidya petulo wofanana pa ulendo wofanana. Pa tanki ya malita 50, kota ndi malita 12 kapena 13. Malita amenewo agulidwa kamodzi kokha. Pambuyo pace woyendetsa angothira monga mwa masiku onse, koma athira singano ikafika pa kota, osati nyali ikayaka. Petuloyo satayika, ali m'tanki momwemo kusunga pampu. Koma pampu ikapsya, palipira mtengo wa pampu, wa makanika, ndi tsiku lathunthu lopanda nchito, pamene ana ayembekeza ufa kunyumba.

Tsono mwini galimoto ali ndi mafunso atatu oyenera kufunsa makanika asanalipire: kodi sefa yasinthidwa, kodi mphira ya pakamwa ndi yatsopano, ndipo kodi m'tanki munali moyera? Makanika woona sakwiya nao mafunso amenewa. Aturutsa zakalezo ndi kuzionetsa m'manja.