Mpikisano wa Akavalo mu Mzinda wa Siena

Miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, pamene kwathu kuno tiotha moto chifukwa cha chisanu, ku Italy ndi nyengo ya dzuwa ndi ya zikondwerero. Mwa zonsezo, tasankha kukufotokozerani za chimodzi chotchedwa Palio, chimene chichitika mu mzinda wakale wa Siena, m'chigawo cha Tuscany, kawiri pa chaka: pa 2 Julaye ndi pa 16 Ogasiti. Zikondwerero zonse ziwirizi zichitika polemekeza Maria, monga mwa chikhulupiriro cha Mpingo wa Katolika.

Palio ndi mpikisano wa akavalo. Bwalo la pakati pa mzinda, lotchedwa Piazza del Campo, alithira dothi m'mbali mwake, ndipo akavalo khumi alizungulira katatu, okwerapo ali opanda chokhalira pamsana. Liwiro lonselo silipitirira mphindi imodzi ndi theka. Mphoto yake si ndalama ai, koma mbendera ya silika yojambulidwa bwino. Tsono tifunse: n'chiyani chimene chiliritsa amuna aakulu misozi chifukwa cha nsalu imodzi?

Yankho lili m'makhalidwe a mzindawo. Siena anagawidwa m'zigawo 17 zotchedwa contrade, zimene malire ake anakhazikitsidwa m'chaka cha 1729. Chigawo chilichonse chili ndi tchalitchi chake, mbendera yake ndi chizindikiro chake: kuli a Tsekwe, a Nkhono, a Kamba, a Nungu, a Kadzidzi ndi ena otero. Ana alandiridwa m'chigawo pa mwambo wa pa chitsime cha chigawocho, ndipo munthu akhala wa komweko kufikira imfa. Chaka chonse anthu asonkha ndalama, adyera pamodzi, nasamalira okalamba awo. Tsiku la mpikisano ndilo lingoonetsa poyera umodzi umene auumba mwakachetechete miyezi yonse.

Popeza bwalo ndi lopapatiza, zigawo khumi zokha ndizo zithamanga: zisanu ndi ziwiri zimene zinatsala pa mpikisano womwewo chaka chatha, ndi zitatu zosankhidwa ndi maere. Kavalo nayenso sasankha okha. Amlandira mwa maere kutatsala masiku atatu. Akamlandira amlonda usana ndi usiku, ndipo tsiku lomwelo la liwiro amlowetsa m'tchalitchi cha chigawo kuti wansembe amdalitse. Chodabwitsa n'chakuti wopambana ndi kavalo, osati munthu: wokwera akagwa, kavalo n'kufika yekha poyamba, chigawo chake chapambana ndithu.

Koma sitingabise kuti chikondwererochi chili ndi minga yake. Zigawo zina zili pa udani wa makolo, kotero kuti kugwa kwa mdani kukondweretsa anthu pafupifupi ngati kupambana kwao. Kufika wachiwiri achiyesa chamanyazi, ndipo chigawo chimene chakhala zaka zambiri osapambana achitcha nonna, ndiko kuti gogo. Palinso ngodya yoopsa ya San Martino, kumene akavalo ena avulala, ena kufa kumene. Chifukwa cha ichi okonda nyama akhala akudandaula, ndipo akuluakulu a mzinda anaika madokotala a ziweto kuti aziyeza kavalo aliyense asanamlole kuthamanga.

M'zaka za 2020 ndi 2021 mliri wa Covid-19 unaletsa Palio, chinthu chimene sichinachitikepo chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bwalo linakhala zii, koma zigawo sizinafe, pakuti moyo wake sunali pa liwiro lokha. M'chaka cha 2022 ng'oma zinamvekanso, ndipo usiku woti mawa lake kuli mpikisano anthu zikwizikwi anayalanso magome m'misewu, agogo ndi adzukulu kudyera pamodzi, asanadziwe ngati mawa adzaimba kapena adzalira.