Mwana wa Kukoleji Asaiwale Kulembera Kwawo

Anthu a ku Milonde, monga Amalawi ena onse, amalidziwa dzina la Dr. David Livingstone, amene m'mwezi wa Epulo 1859 anafika ku Nyanja ya Chilwa naona Phiri la Mulanje chakummwera. Ambiri timamkumbukira ngati munthu wa maulendo aatali. Lero tifuna tikambe za iye ali mnyamata wosauka wophunzira udokotala, ndiponso za banja limene linamsenza.

Livingstone anabadwa m'chaka cha 1813 ku Blantyre wa ku Scotland. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale yopota thonje, kuchokera 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapita kusukulu ya madzulo. Poyamba bambo ake, a Neil, sankakondwa ndi mabuku a sayansi. Iwo anavomera za udokotala ataona kuti mwana wawo afuna kuugwiritsa ntchito pa umishoni.

M'chaka cha 1836 analowa Anderson's College mumzinda wa Glasgow, mamailosi 8 kuchokera kwawo. Bambo ake anamperekeza pansi kukafuna pogona, napeza kachipinda ku Rottenrow ka masheleni 2 pa mlungu. Fizi inali mapaundi 12, ndalama zimene anadzisungira yekha. Sukulu ikatsekera ankabwerera kufakitale kukasaka za chaka chotsatira, ndipo pamene zinaperewera mkulu wake John anathandizapo. Kumapeto kwa mlungu ankapita kwawo, Lolemba n'kulawirira m'bandakucha wapansi kuti asachedwe m'kalasi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mu 1838 bungwe la London Missionary Society linamtumiza ku Ongar, kufupi ndi London, kukaphunzira zaubusa. Apa mapazi sakanathanso kumfikitsa kunyumba, choncho kalata inalowa m'malo mwa ulendo wa Loweruka. Kumeneko anakumana ndi zokhoma, pakuti tsiku lina ataima paguwa anaiwala ulaliki wonse, ndipo anatsala pang'ono kubwezedwa. Koma anapirira, napitiriza udokotala ku London, ndipo mu Novembala 1840 anapambana mayeso ku Glasgow.

Atagona kwawo usiku umodzi wokha, bambo ake anamperekezanso ku Glasgow kukakwera sitima ya pamadzi. Awiriwa sanaonanenso, chifukwa a Neil anamwalira mu 1856 mwana wawo asanafike kuchokera ku Africa. Pa zaka zonsezo chimene chinawalumikiza ndi makalata, amene ankatha miyezi ali m'njira. Makalata a kubanja a zaka za 1841 mpaka 1856 anasindikizidwa m'mabuku awiri mu 1959 ndi Isaac Schapera. M'menemo timaona dokotala akuuza makolo ake ndi alongo ake, Janet ndi Agnes, za ntchito yake, za mkazi wake Mary ndi za ana ake.

Masiku ano mwana wa ku Milonde sayenera kuwoloka nyanja kuti akhale dokotala, popeza sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Blantyre wathu mu 1991. Komabe mtolo wa makolo sunapepuke. Amene amathyola tiyi kapena kugulitsa chinangwa kuti mwana apeze fizi akuchita zomwe a Neil ndi John anachita.

Tsono ife tikuti kwa ophunzira: lamya ili m'manja mwanu, ndipo uthenga umafika tsiku lomwelo. Musadikire kuti ndalama zithe ndi pamene mukumbukire kumudzi. Auzeni makolo za maphunziro anu, za anzanu, ngakhale za mayeso amene mwalephera. Nanunso makolo yankhani, ngakhale mulibe kanthu kotumiza, chifukwa mawu a kunyumba amalimbitsa mwana amene ali pakati pa alendo. Livingstone sanadziwe kuti akutsanzikana ndi bambo ake komaliza, ndipo nafenso sitidziwa tsiku lathu.