MADZI ODULA GALASI

Kodi madzi angathe kudula galasi? Mwina funso limeneli lakuseketsani. Madzi timamwa, timasamba, timathirira mbatatesi ndi kabichi kudimba. Galasi ndi louma gwa, moti ngakhale mpeni wakuthwa umangoterereka pamwamba pake. Koma kunjaku kuli makina amene amadula galasi ndi madzi. Amadulanso mwala ndi chitsulo chomwe. Ŵerengani pang'onopang'ono, mumve m'mene zimachitikira.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Tsangano. Kwathu kuno n'kumapiri, ndipo mwezi wa June ndi July kumazizira koopsa. Nyumba ya mazenera a matabwa imavuta. Mukatsegula, mphepo ndi nkhungu ziloŵa. Mukatseka, mdima bii, simungathe ngakhale kuŵerenga kabuku kano. Galasi limaloŵetsa kuŵala, mphepo n'kutsala kunja. N'chifukwa chake munthu akagulitsa mbatatesi zake pa Tsangano Turn-off, nakhoma malata, chotsatira amaganiza za magalasi.

Galasi limachokera kuti?

Galasi ndi mchenga. Inde, mchenga ndithu, koma woyera ndi wosasakanizika ndi dothi. Ku fakitale amausakaniza ndi soda ndi mwala wa laimu, n'kuuika m'ng'anjo yotentha madigiri 1,500. Kumbukirani kuti madzi amaŵira pa madigiri 100 okha. Zonsezo zimasungunuka n'kukhala ngati phala. Phalalo amalitsanulira pamwamba pa chitsulo chosungunuka chotchedwa tin, ndipo limayandama monga amachitira mafuta pamadzi. Likamazizira limasanduka galasi losalala mbali zonse ziŵiri. Njira imeneyi adaitulukira ndi Alastair Pilkington wa ku England, ndipo idalengezedwa m'chaka cha 1959.

Magalasi a mazenera amene timagula muno m'Malaŵi amachokera kunja. Ku South Africa kuli fakitale yake ku Springs, pafupi ndi Johannesburg. Ku Tanzania adatsegula ina ku Mkuranga m'chaka cha 2023. Mchenga woyenera kupangira galasi ulipo kwathu konkuno, m'madambo a ku Mchinji, koma galasi la pa zenera lanu layenda ulendo wautali pa lole. Mtengo wa ulendowo mumalipira ndinu. Tsono galasi likasweka pachabe, zimaŵaŵa.

Kudula ndi manja

Kusitolo galasi limafika lalikulu, kuposa chitseko. Mmisiri amaligoneka pa tebulo losalala loyalapo bulangete. Amayesa ndi tepi, n'kuika thabwa loongoka pamene afuna kudula. M'dzanja amagwira kachipangizo konga cholembera, kokhala ndi kagudumu kakang'ono kolimba kwambiri kunsonga kwake. Ambiri amayamba akanyika mu parafini. Kenaka amakakoka kamodzi, tsweee, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete.

Mukapenyetsetsa muona kuti sanadule ai. Wangokanda mzere. Koma galasi lili ndi khalidwe lake: mng'alu ukangoyamba, umathamanga motsata pamene pafooka. Mmisiri akalipinda pang'ono pamzere paja, limangoti thyo, n'kugaŵika paŵiri bwinobwino. Mmisiri wodziŵa ntchito sabwereza mzere kaŵiri. Kubwereza kumaononga kagudumu, ndipo galasi limathyoka mokhota. Sachedwanso kulithyola akangokanda. Mukamuona wina akupitapita pamzere umodzi ngati akucheka thabwa, gwirani ndalama zanu, mukafune mmisiri wina.

Njira imeneyi ndi yabwino, yachangu ndi yotsika mtengo. Koma ili ndi malire. Mng'alu umakonda kuyenda moongoka kufikira utatulukira m'mphepete. Sungauuze kuti ima apa, khotera uku. Tsono taganizani za nyumba zikuluzikulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mabanki ndi masitolo a zitseko za galasi lokhalokha. Galasi lake ndi lokhuthala mamilimita 10 kapena 12, pamene la pa zenera lathu ndi la mamilimita 3 kapena 4. Chitseko chotere chimafuna mpata wa loko, malo okumba omangirapo mahinjesi, mwina ndi ngodya yoloŵa m'kati. Bowo lozungulira amatha kuliboola ndi chobooler chapadera. Koma mpata wa ngodya zinai pakati pa galasi, kapena chithunzi cha duŵa ndi malembo, kagudumu kaja sikangathe. Apa m'pamene madzi amagwira ntchito.

Mphamvu ya madzi mumaidziŵa kale

Inu amene mumalima m'mapiri mwaona zigwembe zimene mvula imakumba m'munda wopanda mizere yopingasa. Madzi othamanga amanyamula mchenga, ndipo mchengawo umapala nthaka ndi miyala yomwe. Ku Mpatamanga mtsinje wa Shire udadzikumbira njira m'thanthwe m'njira yomweyi, pa zaka zosaŵerengeka. Mwaonanso mpope wopopera mankhwala m'munda wa mbatatesi. Mukapopa mwamphamvu, madzi amatuluka mothamanga chifukwa kabowo kake n'kakang'ono.

Makina odulira galasi amaphatikiza zinthu ziŵiri zomwezi, madzi opanikizidwa ndi mchenga. Dzina lake m'Chingerezi ndi waterjet. Kusiyana kwake ndi mpope wanu ndi kukula kwa mphamvu. Pali muyeso wa kupanikizika wotchedwa bar. M'tayala la galimoto yaing'ono mumakhala mpweya wa ma bar 2. M'makinaŵa madzi amapanikizidwa kufika ma bar 4,000. Ndiye kuti kuŵirikiza ka 2,000!

Madziwo amatulukira pa kabowo kakang'ono kuposa nsonga ya singano, kosakwana ngakhale theka la milimita. Kabowoko amakaboola m'mwala wolimba wa mtengo wapatali, monga dayamondi, chifukwa chitsulo wamba chikhoza kuperepeseka msanga. Potuluka, madzi amathamanga makilomita 3,000 pa ola. Chinthu chothamanga chotero chikhoza kuchoka ku Lilongwe n'kufika ku Blantyre pa mphindi 6.

Atangotuluka pa kabowo, madzi amakoka mchenga wofiirira wotchedwa garnet, umene umatsikira m'kapaipi kapambali. Si mchenga wa kumtsinje ai. Ndi mwala wolimba wosefedwa bwino, ndipo wambiri umakumbidwa ku Australia. Kunena zoona, chimene chimadya galasi ndi mchengawo. Madzi ntchito yake ndi kuuponya. Kanjere kalikonse kamabenthula kachidutswa kosaoneka ndi maso, ndipo popeza tinjereto n'tosaŵerengeka, galasi limadulika. Mpata wotsala pamene madzi adutsa ndi wa milimita imodzi basi.

Woyendetsa mutu wa makina si dzanja la munthu. Mmisiri amajambula chimene afuna pa kompyuta, ndi miyeso yake yonse, ndipo mutuwo umatsata mzere umenewo. Ukhoza kuima pakati, kukhota, kuzungulira. Akafuna zidutswa 50 zofanana, zonse zimatuluka chimodzimodzi. Pansi pa galasi pamakhala thanki lalikulu la madzi loziziritsa ukali wa madzi aja akapyola, apo ai akadaboola ndi pansi pomwe.

Ubwino wina ngwakuti kudula kotere sikutenthetsa galasi. Mudziŵa chimene chimachitika mukathira tiyi woŵira m'tambula ya galasi yozizira m'maŵa wa mu June. Imang'aluka. Galasi silifuna kutentha mbali imodzi. Pamene pamavuta ndi poyamba kuboola. Madzi akamenya galasi ndi mphamvu yake yonse nthaŵi imodzi, limasweka. Motero mmisiri amayamba ndi mphamvu yochepa, mchenga uli kutuluka kale, ndipo bowo likapyola m'pamene amaonjezera mphamvu.

Adayambitsa ndani?

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, Norman Franz, katswiri wa za mitengo ku America, ankayesa kudula matabwa ndi madzi opanikizidwa. Pofika m'ma 1970 mafakitale adayamba kudula makatoni ndi zinthu zina zofeŵa ndi madzi okhaokha. Mpaka lero madzi opanda mchenga amadula mapepala, nsalu, labala ndi zakudya. Koma galasi ndi chitsulo zidaŵakanika.

Amene adapeza njira yabwino yothirira mchenga m'madziwo, cha m'ma 1980, ndi Mohamed Hashish, pogwira ntchito pa kampani ya Flow ku America. Bamboyu adabadwira ku Egypt, muno mu Africa. Makina oyamba a mtundu umenewu adagulitsidwa m'chaka cha 1983, ndipo ntchito yake inali kudula magalasi a galimoto.

Galasi limene silidulika

Pali galasi lina limene ngakhale madzi salitha. Mudaonapo zenera la m'mbali la minibasi litasweka? Silithyoka zisonga zazitali ngati la kunyumba. Limayoyoka timibulu tonga chimanga. Galasi limeneli amalitenthetsa kupitirira madigiri 600, kenaka n'kuliuzira mphepo yozizira mwadzidzidzi. Kunja kwake kumauma msanga, m'kati n'kutsala mokokana. Likatero limalimba kanai kapena kasanu kuposa galasi wamba, ndipo likasweka silicheka munthu kwambiri. Zitseko za galasi za m'mabanki zija zimakhala za mtundu womwewu.

Koma mukangoliboola kapena kulikanda mozama, lonse limaphulika. Chifukwa chake ntchito imayenda motere: kuyesa, kudula, kuboola, kusalaza m'mphepete, ndipo kulimbitsa kumabwera pomalizira. Akalakwitsa muyeso, palibe kukonza. Galasi lonselo latayika. Inunso wina akakugulitsani galasi lochotsa ku galimoto yakufa, nati mukadulitse likhale la pa zenera, musavomere. Mutaya ndalama.

Nanga ife atithandiza?

Makinaŵa pa Tsangano pano simuŵaona. Amapezeka m'mafakitale a m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ndi okwera mtengo, ndipo amafuna magetsi amphamvu osazimazima. Madzi sadya ambiri, malita 3 kapena 4 pa mphindi, ndiye kuti chigubu cha malita 20 chitha pa mphindi 5 mpaka 7. Chimene chimadya ndalama ndi mchenga uja, pafupifupi theka la kilogalamu pa mphindi iliyonse. Ine ndimati pa zenera la ngodya zinai la nyumba yathu, kagudumu ka mmisiri wa pa Ntcheu boma n'kokwanira. Munthu sabwereka thirakitala kuti alime kadimba ka anyezi.

Komabe ana athu ambiri ali ku Joni, ndipo ena amagwira ntchito m'malo otere. Mukamalankhula nawo pa foni, auzeni kuti madzi aja sasiyanitsa galasi ndi chala. Bala lake limaoneka laling'ono, koma mchenga ndi madzi akuda zimaloŵa m'kati mwenimweni mwa mnofu. Wolasidwa athamangire kuchipatala nthaŵi yomweyo, ndipo akauze dokotala chimene chamulasa.

Pokagula galasi lanu

Kaya adule ndi madzi, kaya ndi kagudumu, wodulayo amatsata nambala zimene mwampatsa. Galasi likachepa simungalilumikize. Likakula pang'ono, kuchotsako kachidutswa kopyapyala n'kovuta, ndipo kaŵirikaŵiri limasweka. Anthu ambiri amayesa ndi chingwe kapena kamtengo. Chingwe chimatamuka, kamtengo kamathyoka panjira. Inu tsopano mumatha kulemba nambala, choncho bwerekani tepi.

Yesani m'kati mwa felemu, pamene galasi lidzakhale. Yesani m'mimba mwake pamwamba ndi pansi, chifukwa mafelemu ambiri a kwa wowotcherera kapena kalipentala sakhala ofanana ndendende. Yesaninso kutalika kwake kumanja ndi kumanzere. Tengani nambala yocheperapo, ndipo muchotsepo mamilimita 3. Mpata umenewo ngwofunika, pakuti thabwa limafufuma nthaŵi ya dzinja ndipo chitsulo chimafutukuka dzuŵa likatentha. Galasi lothina limang'aluka lokha. Tiyerekeze kuti mwapeza 450 m'mimba ndi 600 m'litali. Mulembe 447 x 597. Zenera lililonse liyesedwe palokha, ndipo mulipatse nambala yake pa pepala. Onetsetsaninso mbali ya tepi imene mukuŵerenga. Matepi ambiri ali ndi mainchesi mbali ina, mamilimita mbali ina, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25 ndi pang'ono. Muuzeni wa sitolo kuti nambala zanu ndi za mamilimita.

Akadula, yesaninso pomwepo musanalipire. Ponyamula, galasi liime chilili, lisagone chafufumimba, pakuti logona limathyoka pakati galimoto ikagunda bampu. Ikani makatoni pakati pa galasi ndi linzake, mumange zolimba, ndipo pogwira kulungani nsalu m'manja. Pofika kunyumba, mmisiri ayambe wapaka m'felemu phala lomatira lija amati putty, kenaka akhazike galasi, n'kumatanso kunja kwake. Ana asalitobole ndi zala kufikira litauma. Zidutswa zotsala musazitaye kudzala kumene ana amaseŵera opanda nsapato. Kaponyeni m'chimbudzi chokumba.