Sailensa ikuteteza makutu a alenje, koma ikudya milomo ya mfuti

M'mapiri a ku Scotland, nyengo yosaka agwape aakazi imayamba pa 21 Okutobala n'kutha pa 15 Febuluwale, miyezi ya mvula, nkhungu ndi chisanu. Dzikolo lilibenso mimbulu, choncho ntchito yochepetsa agwape kuti asamalize mitengo yaing'ono ili m'manja mwa alenje, ambiri a iwo olembedwa ntchito. Masiku ano n'zachilendo kukumana ndi mlenje wotere mfuti yake ilibe sailensa, kachipangizo kochepetsa phokoso, kumapeto.

Chomwe akuteteza ndi makutu. Mfuti ya .308 ikalira, phokoso lake limafika cha pa madesibelo 160, pomwe malamulo a ku Britain a 2005 oteteza anthu ogwira ntchito anaika malire pa 140. Sailensa, yomwe Hiram Percy Maxim wa ku America anailembetsa ku boma m'chaka cha 1909, imachotsapo madesibelo 20 mpaka 30. Mfutiyo imamvekabe patali, osati zija za m'mafilimu, koma mlenje ndi galu wake amakalamba akumva.

Vuto limabwera madzulo, mlenje akafika kunyumba atatopa, n'kuimika mfuti m'kabati yachitsulo, mlomo kumwamba, sailensa ili pomwepo.

Wonga ukapsa umatulutsa mpweya wotentha, mwaye komanso nthunzi yamadzi. Pa mfuti yopanda sailensa zambiri mwa izi zimauluka ndi mphepo. Sailensa ntchito yake ndi kuzigwira: m'kati mwake muli tizipinda tomwe timachedwetsa mpweyawo kuti utuluke pang'onopang'ono. Chitsulo chikazizira, nthunzi ija imasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Madonthowo amasakanikirana ndi mwaye, ndipo usiku wonse amatsetserekera pansi. Malo oyamba kufikapo ndi mlomo wa mfuti, kenako m'kati mwa mpope. Ngakhale chitsulo chija amati sichichita dzimbiri chimayamba timaenje chikakhala m'chinyezi choterechi kwa milungu.

Mlomowu ndi kachigawo kakang'ono kwambiri, koma ndi pamene chipolopolo chimasiyanirana ndi mfuti. M'mphepete mwake muyenera kukhala mofanana kuzungulira konse, kuti mpweya womwe ukukankha chipolopolo utulukire mbali zonse nthawi imodzi. Mbali imodzi ikadyeka, mpweya umayambira kuthawira kumeneko n'kupendeketsa chipolopolo pang'ono chabe. Pa mtunda wa mamita 150, kupendekeka kumeneko kutha kusuntha chipolopolo kuchoka pamtima kukagwera m'mimba. Ichi ndicho chimandipweteka pa nkhaniyi: wolipira ulesi wa madzulo aja si mwini mfuti ayi, ndi gwape yemwe athawire m'tchire atavulala n'kukafa patapita maola.

Choipa china n'chakuti dzimbirilo silioneka, chifukwa sailensa yaliphimba. Mlenje amaona kuti zipolopolo zayamba kumwazikana, n'kumaganiza kuti vuto ndi galasi loonera kapena zipolopolo zomwe wagula, mpaka tsiku lomwe mmisiri wa mfuti adzamasule sailensayo movutikira.

Imavuta kumasula chifukwa mizere yomangira, yonga ya pa bawuti, nayonso imadzaza mwaye n'kugwirana. Masailensa ambiri a alenje ndi a aluminiyamu kuti asalemere pokwera phiri, ndipo aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo pamalo onyowa, imadyeka mofulumira. Komanso sailensa yomwe yakhwefuka ndi yoopsa: ikapendekeka, chipolopolo chitha kugunda makoma a tizipinda tija potuluka.

Chisamaliro chake sichifuna ndalama zambiri, ndipo makampani opanga masailensa amachibwereza m'malangizo awo. Ukaweruka kuthengo, masula sailensa ikangozizira, uiimike payokha pamalo ofunda kuti iume. Pukuta mlomo ndi kansalu, chotsa mwaye pa mizere, pakapo girisi wochepa wopirira kutentha, n'kuvalikapo kachipewa koteteza mizereyo. M'mpope mudutse kansalu ka oyilo pang'ono, koma oyiloyo uyenera kudzamupukuta usanawombere. Alenje ena amaimika mfuti mlomo pansi kuti chotsala chilichonse chitsikire kunja.

Pamenepa pali msampha wina womwe umagwira anthu akhama. Ndodo yotsukira mpope ikamalowetsedwa kumlomo, imakhula m'mphepete muja ulendo uliwonse, ndipo mfuti zambiri zakale zinatha milomo chifukwa chotsukidwa motero, osati chifukwa chowombera. Pa mfuti yomwe chotsekera chake chimachoka, ndodo ilowere kumbuyo, kolowetsera chipolopolo, ndipo ituluke mofatsa.

Mlomo ukadyeka kale, mfuti sinathe. Mmisiri amaika mpope pamakina osemera chitsulo, n'kudula pang'ono kumapeto ndi kusema mlomo watsopano, kawirikawiri wolowa m'kati pa madigiri 11. Ngati dzimbiri lalowa patali, amadula mpopewo n'kusemanso mizere. Zikatero mlenje amayenera kubwerera pabwalo loyesera, sailensa itamangidwa, chifukwa kulemera kwake kumasintha pomwe chipolopolo chimagwera, ndipo mfuti yoyesedwa popanda sailensa silasa malo omwewo ikavala.