Kusankha Pikapu Yogwirapo Kale Ntchito

Alimi a mpunga ku Bua ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota akudziŵa kuti ukangopatuka pa msewu wa M5, njira zopita ku minda ndi za mchenga, ndipo pa dzinja zimasanduka matope. Kotero pikapu yokoka ndi matayala onse anayi, monga Toyota Hilux kapena Isuzu KB, imathandiza kuti mbewu zifike ku msika m'nthaŵi yake.

Posankha, kumbukirani kuti ya dizilo imamwa mafuta pang'ono kuposa ya petulo. Pitani ndi makaniko wodalirika. Ayang'ane dzimbiri kunsi kwa galimoto, alize injini isanatenthe, ndipo ayese giya ya matayala anayi pa mchenga. Utsi wakuda wosaleka ndi chizindikiro chakuti mafuta akungotayika. Musapereke ndalama musanatsimikize mapepala ake ku Road Traffic.

Mukagula, giya ya matayala anayi muziigwiritsa ntchito pa matope ndi pa mchenga pokha. Pa tala imatha mafuta ndi kuononga zitsulo. Pikapu ya tani imodzi isanyamule matumba a makilogalamu 50 opitirira 20, chifukwa masipulingi akathyoka phindu la mpunga lithera kwa makaniko.