Dzuwa n'lomweli, nanga bwanji Nsanje ikupsa pomwe Dedza ikunjenjemera?

Aliyense amene anakwerapo minibasi yochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala amawadziwa malo amene zinthu zimasinthira. Galimoto ikangoyamba kutsetsereka m'makhotakhota olowera ku Thabwa, makutu amatseka, abambo amavula majekete, amayi amatsitsa ana kumsana n'kuyamba kuwakupiza ndi nsonga ya chitenje. Kamphepo kapawindo kamene kamakoma pochoka mumzinda kamasanduka mpweya wa mu uvuni. Pofika pamlatho wa Kamuzu, malaya amakhala atamatirira kumsana.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo dzuwa limene lawala ku Blantyre ndi lomwe lawala ku Chikwawa. Komanso mwana wasukulu atha kufunsa funso lovutitsa akuluakulu: ngati kutentha kumachokera kudzuwa, bwanji pamwamba pa phiri la Mulanje, pamene payandikirako dzuwalo, ndi pomwe munthu amagona atafunda mabulangete awiri?

Yankho lake lili pansi pa mapazi athu. Dzuwa silitenthetsa mpweya kwenikweni. Limatenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndiyo imatenthetsa mpweya, monga momwe moto wa pamafuwa umayambira pansi pa mphika.

Njira zitatu za kukhitchini

Kutentha kuli ndi khalidwe limodzi losasintha: kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira. Njira zake ndi zitatu, ndipo mayi aliyense wophika nsima amakumana nazo tsiku ndi tsiku.

Yoyamba ndi yokhudzana. Mukaiwala supuni yachitsulo mumphika wa ndiwo, chogwirira chake chimakuwotchani, pomwe mthiko umakhala m'phala lowira koma dzanja osapsa. Chitsulo chimapatsira kutentha msanga, mtengo ayi. Mpweya nawo uli ngati mthiko. N'chifukwa chake bulangete ndi denga laudzu zimateteza, popeza zimasunga mpweya wosayenda m'kati mwake.

Yachiwiri ndi yonyamulidwa. Madzi apansi pa mphika akatentha amapepuka n'kukwera, ozizira apamwamba n'kutsika kukalowa m'malo mwake, ndipo amazungulira chotero mpaka mphika wonse utawira.

Yachitatu ndi cheza. Pootha moto nkhope imamva kutentha ngakhale simunakhudze khala, pamene msana ukuzizidwabe. Cheza sichifuna chochinyamula. Ndi mmene mphamvu ya dzuwa imadutsira makilomita pafupifupi 150 miliyoni opanda mpweya, n'kutifika patangotha mphindi 8 ndi masekondi 20.

Pa magawo 100 a cheza chofika padziko lapansi, pafupifupi 30 amabwezedwa kumwamba ndi mitambo komanso malo owala, oposa pang'ono 20 amatsalira mumpweya ndi m'mitambo, ndipo pafupifupi theka limamwedwa ndi nthaka ndi nyanja. Nthaka ikatentha imapatsira kampweya kogundana nayo, kampweyako kamapepuka n'kukwera. Mukaona msewu wa phula ukunyezimira ngati pali madzi masana, kapena kamvuluvulu akunyamula mapesi m'munda wouma, kapena kabawi akuzungulira m'mwamba osakupiza mapiko, dziwani kuti mphika wa mlengalenga wayamba kuwira.

Chinsinsi cha pampu ya njinga

Tsono bwanji mpweya wotenthawo sukatenthetsa nsonga za mapiri? Wakabaza aliyense ali ndi theka la yankho. Akamapopa tayala, pampu imatentha chifukwa mpweya ukupanikizidwa. Akatsegula valavu, mpweya wotuluka umamveka kuzizira chifukwa ukufutukuka.

Mlengalenga zimachitikanso chimodzimodzi. Pansi mpweya ndi wothinana poti wasenza mpweya wonse wapamwamba pake. Ukamakwera katunduyo amachepa, umafutukuka, n'kuzizira. Mwachizolowezi, mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5.

Tiwerengere limodzi. Blantyre ali pa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ali pa mamita pafupifupi 100. Kusiyanako kukupereka madigiri 6, amene amavulitsa anthu majekete pa Thabwa. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002, pamene malo otsikitsitsa m'Malawi, kumene Shire amalowera m'dziko la Mozambique m'boma la Nsanje, ali pa mamita 37 okha. Pakati pa malo awiriwa pali madigiri pafupifupi 19. Choncho tsiku limene ku Nsanje afika madigiri 40, wokwera Sapitwa amakhala pa madigiri 21 kapena chapompo. Mamita 3,000 oyandikirira dzuwa sali kanthu poyerekeza ndi makilomita 150 miliyoni. Chimene wokwera phiri wachita n'kutalikira mbaula, ndiye nthaka ya m'chigwa.

Kupepuka kwa mpweya kumafikanso mumphika. Pansi madzi amawira pa madigiri 100, pamlingo umene unatenga dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anaukonza mu 1742. Koma pa Sapitwa amawira pa madigiri pafupifupi 90, ndipo nyemba zimachedwa kupsa ngakhale mphika ukubwadamuka.

Okutobala ndi Febuluwale

Pali chinanso chodabwitsa. M'Malawi dzuwa limadutsa paliwombo kawiri pachaka: chakumapeto kwa Okutobala kulowa Novembala, kenako mu Febuluwale. Koma palibe amene amadandaula za Febuluwale monga timachitira ndi Okutobala.

Kusiyana kwake ndi madzi. Kuti madzi asanduke nthunzi amafunika kutentha kochuluka, ndipo amakutenga pa chilichonse chimene akhudzana nacho. Ndiyo ntchito ya thukuta pathupi. Ndichonso chinsinsi cha mtsuko wa agogo: timadzi todutsa m'dothi lake timauma kunja, n'kuchoka ndi kutentha kwa madzi am'kati. Mu Febuluwale nthaka ndi yonyowa, chimanga chabiriwira, mitambo yaphimba, ndipo mphamvu yambiri ya dzuwa imathera poumitsa madzi. Mu Okutobala thambo lili mbee, minda ili gwa, mitengo yambiri yayoyola masamba, tchire latenthedwa n'kusiya phulusa lakuda lomwe limamwa cheza koposa. Mphamvu yonse imagwera panthaka youma.

Nthakayo imatenga nthawi kuti ipatsire mpweya, n'chifukwa chake kumatentha kwambiri cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, osati dzuwa lili pamutu. Ndipo chiwerengero chimene a nthambi yoona zanyengo amalengeza pawailesi ndi cha mpweya wapamthunzi. Chipangizo choyezera chimakhala m'kabokosi koyera ka timipata tolowetsa mphepo, kokwezedwa kupitirira mita imodzi kuchoka pansi. Akati ku Ngabu kwafika madigiri 40, mchenga umene mwana akupondapo wopanda nsapato ndi wotentha kuposa pamenepo.

Kutentha kumene nthunzi yanyamula sikutayika. Nthunziyo ikakwera n'kuzizira imasanduka timadontho ta mitambo, ndipo imatulutsa kutentha konse kuja m'mwambamo. Ndiwo mafuta a mitambo yamabingu ya chizimalupsa. Ndiwonso mafuta a namondwe, amene amabadwa panyanja yamchere yofunda madigiri 26 kapena kuposa. Namondwe wa Freddy, amene anagwetsa mapiri ndi kupha anthu mazanamazana kuchigawo chakummwera mu Malichi 2023, anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale, ndipo anakhala ndi moyo masiku 36 akudya kutentha kwa nyanja ya Indian.

Kapu ya tiyi ndi nyanja

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene m'chinenero chathu timazitcha dzina limodzi. Kapu ya tiyi ndi yotentha kuposa madzi a m'nyanja ya Malawi, amene pamwamba pake amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29. Koma kapuyo imazizira musanamalize kudya chigumu, pamene nyanja, yozama mpaka mamita pafupifupi 700, yasunga mphamvu yosaneneka. Madigiri amangotiuza mlingo wa kutentha. Kuchuluka kwa mphamvu kumadalira kukula kwa chinthucho ndi chimene chapangidwa nacho.

Madzi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira. Masana mchenga wa ku Senga Bay umawotcha mapazi pamene madzi ali ozizirira bwino. Mpweya wapamtunda umakwera, ndipo wapanyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake ngati kamphepo kayaziyazi. Usiku zimatembenuka: mtunda umazizira msanga, mphepo n'kumalowera kunyanja. Mphepo iliyonse, kaya ndi mwera umene umakhalitsa asodzi pagombe m'miyezi yozizira, kaya chiperoni chobweretsa mvula yowaza m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi mpweya wosamuka chifukwa dzuwa latenthetsa malo mosiyana.

Chisanu chimene chimawotcha

Dzuwa likalowa, nthaka imapitiriza kutaya kutentha kwake ngati cheza chosaoneka ndi maso. Kukakhala mitambo, imakubweza pansi ndipo usiku umakhala wofunda. Koma usiku wa Juni kapena Julaye nyenyezi zili ngwee, kutenthako kumathawira kumwamba mpaka mbandakucha, nthawi yozizira kuposa ina iliyonse. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo monga madzi saiwala khwawa, umatsetserekera kudambo. Alimi a madimba ku Dedza ndi ku Ntcheu amadziwa: chisanu chimawotcha tomato ndi mbatatesi za m'munsi, za kumtunda n'kupulumuka.

Ngakhale popanda mitambo pali chofunda china chosaoneka. Nthunzi ndi mpweya wa carbon dioxide zimalola cheza cha dzuwa kulowa, koma zimagwira china mwa chimene nthaka ikubweza. Joseph Fourier wa ku France analingalira za zimenezi m'zaka za m'ma 1820. Mayi wa ku America, Eunice Foote, anaonetsa mu 1856 kuti botolo la carbon dioxide limatentha kwambiri padzuwa, ndipo John Tyndall anayeza mu 1859 mmene mipweyayi imagwirira cheza. Popanda chofundachi dziko likanakhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, m'malo mwa 15 amene tili nawo. Vuto n'lakuti tachikhuthalitsa. Mafakitale asanayambe kutentha malasha ndi mafuta, carbon dioxide anali magawo 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya. Lero wadutsa 420.

Utsi wochuluka wa m'mafakitalewo sunafuke m'Malawi, ndipo mlimi wa ku Makhanga sangauletse. Koma popeza mpweya umatenthera pansi, pali mbali imene ili m'manja mwathu. Mtengo wa mango pabwalo umatchinga cheza, masamba ake n'kumatulutsa nthunzi yoziziritsa. Mapesi oyalidwa m'munda amasunga chinyontho chimene moto wosakira mbewa ukanachotsa. Malata opanda siling'i amasandutsa nyumba uvuni masana ndi firiji usiku, pamene mphasa kapena bango zoyalidwa kunsi kwake, utoto woyera pamwamba ndi timawindo totulutsira mpweya wotentha chakudenga zimachepetsa vutolo.

Okutobala akubweranso, ndipo dzuwa silidzafunsa za boma limene mukukhala. Musanadule mtengo wapakhomo kapena kuyatsa tchire chaka chino, kumbukirani kuti mukusonkhezera moto pansi pa mphika umene inu ndi ana anu mukhalemo.